Kuwongola ndi kuwotcherera chasisi ya pikapu pakhomo itawonongeka pokoka

Pikapu monga Toyota Hilux, Isuzu D-Max, Nissan NP300 ndi Ford Ranger zimakhala pa chasisi yopangidwa ngati makwerero: zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo kukafika kumbuyo, zomwe pano tizitchula mikono, ndi zitsulo zopingasa zozilumikiza. Tow bar, chitsulo chokolapo ngolo yokokedwa ndi galimoto, imamangidwa kumapeto kwenikweni kwa mikonoyo, kuseri kwa matayala, pamene palibe chochirikiza pansi. N'chifukwa chake ngozi ya pokoka imawononga modziwika. Ngolo ikapinda n'kudzagunda m'mbali mwa galimoto, mapeto a mikono amakhotera mbali imodzi. Kutsogolo kwa ngolo kukalemera kwambiri, galimoto n'kugwera m'dzenje ili pa liwiro, mapetowo amagwa, ndipo mpata wapakati pa kabini ndi bodi umakula cham'mwamba. Tcheni likakokedwa modzidzimutsa, mabowo a mabawuti a tow bar amatanuka kapena kung'ambika.

Ntchitoyi imayenda motsatana chonchi: kuyeza, kuwongola chitsulo chili chozizira, kuwotcherera pomaliza. Wothamangira makina owotcherera asanayeze amangokhazikitsa kupindikako kuti kusadzachokenso.

Ngati galimoto ili pa inshuwalansi yolipira kuwonongeka kwake, musamasule bawuti ngakhale imodzi woyendera wa kampaniyo asanaione. Jambulani zithunzi ndipo sungani lipoti la apolisi.

Zomwe sizikonzedwa pakhomo

Pakhomo mungathe kukonza kupindika kwa pang'onopang'ono kuseri kwa kabini, mng'alu waufupi pakhoma la m'mbali la mkono, ndi mabowo ong'ambika a tow bar. Koma ngati chitsulo chapinda mwakuthwa n'kupanga khwinya lomwe chikhadabo chikukodwapo, chatopa kale. Mukachibweza chimang'aluka pakhwinya pomwepo, tsiku lomwelo kapena patapita miyezi galimoto itasenza matumba. Gawo lotero limadulidwa n'kusinthidwa pagalaja yokhala ndi benchi yowongolera chasisi. Kumeneko n'komwe muyeneranso kupita ngati chasisi yapotoka, ngati kupindika kwafika kutsogolo komwe kuli chiwongolero ndi zogwira injini, ngati chogwira masipuling'i chazuka, kapena ngati dzimbiri ladya chitsulo moti kanyundo kakulowa mukagogoda.

Pikapu zambiri zatsopano zili ndi zigawo za chitsulo cholimba kwambiri chomwe chimafooka chikatenthedwa. Pezani buku la kampani lokonzera bodi ndi chasisi ya mtundu wanu. Likaletsa moto kapena kuwotcherera pamalo ena, litsatireni kuposa malangizo ano.

Zida ndi kukonza malo

Pakufunika malo a simenti olimba ndi osalala, masitandi 6 a matani 3 iliyonse, jeke ya botolo ya matani 10 kapena 12, tcheni buloko ya matani 3, ndi matcheni a giredi 80 a mamilimita 10, omwe amaloledwa kunyamula matani 3 ndi pang'ono. Tcheni la pageti kapena losadziwika giredi lisayandikire ntchitoyi. Pakufunikanso chitsulo chochindikala cha H-beam, chooneka ngati H mukachionera kumapeto, chotalika mamita 2 kapena kupitirira, zidutswa za matabwa olimba, gulayinda, dirilo, tepi yoyezera yachitsulo, choko, palafini, paipi yoonekera m'kati ya mamita 8, ndi chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka chomwe omanga nyumba amawongolera khoma. Njerwa ndi mabuloko a simenti si masitandi: amaphwanyika mosachenjeza.

Chotsani waya wa negative pa batire. Masulani bodi yakumbuyo. Imagwidwa ndi mabawuti ochepa, koma musaiwale mawaya a magetsi akumbuyo ndi khosi lothirira mafuta; anthu anayi amainyamula bwino. Chotsani tayala la sipeya ndi bampala. Kenako tsitsani thanki ya mafuta n'kukaiika panja, mamita 10 kuchokera pogwirira ntchito, ndipo tsekani mapaipi otsala. Thanki ya petulo yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wake. Mapaipi a mabuleki ndi mtolo wa mawaya zimayenda m'kati mwa mkono: zimasuleni pa timakilipi take, muzikokere kutali. Chozimira moto chikhale pofikira dzanja.

Fufuzani pamene pasindikizidwa nambala ya chasisi, muzungulize ndi choko. Pamenepo pasadutse gulayinda, moto kapena chigamba, chifukwa nambala yosokonezeka idzakuvutitsani pa COF ndi pogulitsa galimoto.

Pomaliza chotsani tow bar. Nthawi zambiri tow bar yopindika ndi imene imagwira mikono mokhota, ndipo ikachoka mikono imabwerera yokha mamilimita angapo. Muyeso wotengedwa isanachoke ndi wabodza.

Kuyeza

Ikani masitandi anayi pansi pa gawo lapakati la chasisi, pansi pa kabini, pamene sipanawonongeke. Ena awiri achirikize ekiselo yakumbuyo kuti kulemera kwake kusakoke mikono. Thirani madzi m'paipi yoonekera ija, mufananitse ngodya zinayi za gawo lapakati mpaka kumanzere ndi kumanja zikhale pa msinkhu umodzi. Musadalire simenti, chifukwa siikhala yofanana paliponse.

Sankhani malo 5 kapena 6 pa mkono uliwonse omwe ali ndi mnzake weniweni tsidya linalo: mabawuti ogwira kabini, bawuti yakutsogolo ya sipuling'i, bawuti ya shackle (cholumikiza sipuling'i ku chasisi) yakumbuyo, mabowo ogwira bodi, ndi bowo lomaliza la kumapeto. Samalani, mabowo ena a fakitale sakhala moyang'anizana. Pa malo aliwonse tsitsani chingwe cha kachitsulo, mudikire chileke kugwedezeka, mulembe kamtanda pansi ndi pensulo pa tepi yomata.

Tsopano yezani mopingasa, kuchokera pa kamtanda ka kumanzere kupita pa ka kumanja kotsatira, kenako mosinthanitsa. Miyeso iwiriyo ikasiyana ndi mamilimita osapitirira 3, chigawocho chili bwino. Yambani ndi gawo lapakati. Likapezeka losiyana, ndiye kuti mkono umodzi wasunthira kutsogolo kapena kumbuyo kwa unzake, ndipo zimenezi zimayamba kukonzedwa china chilichonse chisanakhudzidwe. Likakhala bwino, lembani pakatikati pa timitanda tiwiri takutsogolo ndi tiwiri totsatira, mukoke chingwe chodutsa pa mfundo ziwirizo mpaka kumbuyo. Mtunda wochokera pa chingwecho kupita pa kamtanda kalikonse ukuuzani kuti mapeto akhotera kuti, ndi mamilimita angati, ndipo kukhotako kukuyambira pati. Msinkhu wa mapeto muyeze ndi paipi yamadzi. Mikono yonse iwiri ikagwa mofanana, kuyerekeza kumanzere ndi kumanja sikuulula kanthu. Tengani miyeso m'buku la kampani kapena pa pikapu ina yamtundu womwewo yosachita ngozi.

Lembani manambala onse papepala. Mudzabwereza kuyeza kumeneku kambirimbiri.

Musanakoke, funani ming'alu. Palani utoto ndi dothi ndi bulashi yawaya pamalo opindika, pozungulira mabowo a tow bar, ndi pamene zopingasa zalumikizana ndi mikono. Pakani palafini, mudikire mphindi 15, mupukute pauma, kenako pakani choko chosungunula m'madzi. Chikauma, palafini wotsala mu mng'alu amatuluka n'kujambula mzere wakuda. Kumapeto kwenikweni kwa mzerewo boolani bowo la mamilimita 4 kapena 5. Bowolo limamwaza mphamvu yomwe imasonkhana pa nsonga yakuthwa ya mng'alu, ndipo popanda ilo mng'alu umathamanga mukangoyamba kupopa jeke.

Kuwongola

Njira yabwino pakhomo ndi yoti mphamvu yonse izizungulira pakati pa H-beam ndi chasisi, m'malo mokokera pa mtengo kapena pa chipilala cha nyumba. Mukakokera pa mtengo, galimoto imatsetsereka pa masitandi chitsulo chisanawongoke. Mfundo yake ndi ya malo atatu: pamodzi pogwira, pamodzi potsamira, pamodzi pokoka.

Ngati mapeto agwa, gonekani H-beam pamwamba pa mkono, motsata utali wake. Pamene mkono wapindikira, pomwe paoneka ngati linunda, ikani thabwa lolimba pakati pa H-beam ndi mkono. Kutsogolo, pafupi ndi kabini, mangani H-beam ku mkono ndi tcheni. Kumbuyo imikani jeke pamwamba pa H-beam, tcheni lizungulire pansi pa mkono n'kudutsa pamutu pa jeke. Pamutupo ikani kachidutswa ka channel, chitsulo chooneka ngati U, kuti tcheni lisaterereke. Mukapopa, mapeto amakwera, linunda limakanikizidwa. Paliponse pomwe tcheni lakhudza mkono, tchingani ndi chidutswa cha angle iron. Mkono wotseguka mbali imodzi muuthire thabwa lothina m'kati, apo ayi milomo yake, mbali zake zam'mwamba ndi zam'munsi, ipindika musanawongole kalikonse. Mikono yonse iwiri ikagwa, sinthanani: pang'ono kumanzere, pang'ono kumanja.

Ngati mapeto akhotera kumanzere, chotsani tayala lakumanja, muike H-beam m'mbali mwa mkono wakumanja pa msinkhu wake. Thabwa likhale pamene kukhota kwayambira, tcheni kutsogolo, tcheni buloko kapena jeke kumapeto. Pakati pa mikono iwiri, molunjika thabwalo, panikizani paipi yochindikala kuti mkono wakumanzere utsamirenso, mikono yonse iyende pamodzi. Jeke ya botolo ikagona cham'mbali imagwira ntchito pokhapokha kapampu kake kali m'munsi. Akakhotera kumanja, zonse zitembenuzeni.

Mkono umodzi ukasunthira kutsogolo kwa unzake, kokani ndi tcheni buloko motsata muyeso wopingasa womwe watalika, kuchokera pangodya ina kupita pa inzake, mutamasula mabawuti ogwira kabini kuti isalimbane nanu. Kusiyana kukakhala kwakukulu, kapena ngodya za zopingasa zikang'ambika, isiyireni galaja.

Popani pang'onopang'ono. Mapeto akayenda mamilimita 5, imani. Chitsulo chikadali chokokedwa, gogodani milomo ya mkono pozungulira popindikapo ndi nyundo ya makilogalamu 1 kapena 2, mosaphwanya, mutatchinga ndi kachitsulo kosalala. Kugogodako kumamasula kukanika komwe kwatsekeredwa m'chitsulo. Tsitsani jeke, yezani, lembani. Mudzaona kuti chitsulo chabwerera pang'ono, choncho pomaliza pamafunika kupitiriza mamilimita 3 mpaka 5 kuti chikamasuka chiime pamalo pake. Musapitirize kwambiri poganiza kuti mudzabweza, chifukwa kupinda uku ndi uku n'kumene kumathyola chitsulo.

Funditsani tcheni lililonse lokokedwa ndi bulangete lolemera kapena tenti yakale, ndipo pasakhale munthu molunjika nalo. Ana akhale kutali. Musalowe pansi pa galimoto jeke ili ndi mphamvu.

Za moto tinene mosabisa: anthu ambiri amawononga chasisi pamenepa. Kutenthetsa mpaka chitsulo chiwale ngati lalanje kumachifewetsa, chimawongoka mosavuta, koma mphamvu yake siibwereranso. Moto ugwiritsidwe ntchito pokhapokha kukoka kozizira kwakanika ndipo buku la kampani likulola. Tenthetsani kadera kakang'ono pa mlomo womwe wafinyika, kwa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, osapitirira madigiri 650 a Celsius, pomwe chitsulo chimangoyamba kufiira modera mukachionera pamthunzi. Padzuwa kufiira kumeneku sikuoneka, ndipo mukadzakuona mwapitirira kale. Musatenthetse malo amodzi koposa kawiri, ndipo musathirepo madzi. Chizizire chokha.

Kuwotcherera mng'alu

Miyeso yonse ikalowa m'malire a mamilimita 3, mpamene makina owotcherera amayatsidwa. Yezani kuchindikala kwa mkono. Pa pikapu zambiri kuli pakati pa mamilimita 2.5 ndi 4. Palani utoto mamilimita 50 mbali zonse mpaka chitsulo chiwale. Ndi gulayinda, semani mng'alu wonse ukhale ngalande yooneka ngati V yotseguka madigiri 60, kufikira pa bowo lija.

Marodi a E6013, omwe amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, salowa mokwanira pa ntchito yotere. Gwiritsani ntchito E7018 ya mamilimita 2.5, pa makina a DC, rodi ili ku positive, maampu 70 mpaka 90. Marodi amenewa amayamwa chinyontho, ndipo onyowa amasiya timabowo ndi ming'alu yobisika, choncho gulani paketi yomata bwino muitsegule tsiku lomwelo. Amene ali ndi makina a MIG agwiritse waya wa ER70S-6 wa mamilimita 0.8, pamalo opanda mphepo. Magetsi akakhala ofooka, kapena waya wokokera magetsi ukakhala wautali ndi woonda, moto umangomata pamwamba osalowa. Dikirani magetsi abwino kapena pezani jenereta yosachepera 6 kVA. Chopanira cha earth chigwire pa chitsulo chowala pafupi ndi powotcherera, kuti magetsi asadutse m'mabering'i ndi m'mawaya a kompyuta ya galimoto.

Yambani mwayesa pa zidutswa zochindikala mofanana, zitaimirira monga mmene mkono ulili. Zipanikizeni pa vaisi n'kuzipinda ndi nyundo. Zikathyokera pamsoko, itanani wowotcherera waluso, inu mumukonzere malo. Si manyazi, kumbuyo kwa pikapu kumakwera anthu.

Mng'alu woimirira umawotchereredwa kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mamilimita 30 kapena 40 nthawi imodzi, kenako kugogoda makoko, kupukuta ndi bulashi, ndi kudikira kuti pazizire pang'ono. Tsekani ndi bowo lomwe. Pa mkono wotseguka, semani kuseri mpaka mufike pa chitsulo choyera, muwotcherere mbali imeneyonso. Pa mkono wotsekeka ngati bokosi simungafike kuseri, choncho siyani kampata ka mamilimita 1.5 pansi pa ngalande kuti moto ulowe mpaka m'kati, ndipo yang'anirani utsi, chifukwa phula loteteza dzimbiri la m'katimo limayaka. Mukamaliza, salazani msoko ufanane ndi khoma, gulayinda ikuyenda motsata utali wa mkono, osadya chitsulo cha m'mbali. Bwerezani palafini ndi choko.

Chigamba

Msoko wokha sukwanira pamalo onyamula katundu. Pamafunika chigamba, ndipo kapangidwe kake n'kofunika kuposa kukula kwake. Chikhale chochindikala mofanana ndi mkono, kapena kuposa ndi milimita imodzi yokha. Chigamba cha mamilimita 8 kapena 10 chimaumitsa malo amodzi, chasisi n'kumapindikira pamene chathera, mng'alu watsopano n'kubadwa pomwepo. Chipitirire mng'alu ndi mamilimita osachepera 150 mbali iliyonse, ndipo m'mwamba ndi m'munsi chisiye mamilimita 10 mpaka 15 chisanafike pokhota pa mkono.

Mapeto ake asadulidwe moimirira. Asongoleni mopendekera ngati daimondi, nsonga zake muzizungulize. Msoko woimirira wodutsa khoma lonse la mkono umakhala mzere wothyokerapo, pamene wopendekera umagawa mphamvu pa mtunda wautali. Boolani mabowo 4 kapena 6 a mamilimita 12 pachigambacho, osalunjika pa mng'alu wakale. Chipanikizeni ndi ma G-clamp chigone bwinobwino, mudzaze mabowowo powotcherera kuyambira apakati, kenako muwotcherere m'mphepete zigawo za mamilimita 40 kapena 50, kusinthana m'mwamba ndi m'munsi kuti kutentha kusakoke mkono. Pa nsonga zenizeni musayambirepo kapena kuthera msoko.

Mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi ndi imene imasenza mphamvu yaikulu. Musaiboole, ndipo musawotcherere mopingasa pamenepo kupatula kutseka mng'alu womwe ulipo kale. Mng'alu ukafika pa mlomo, pinditsani chigamba chooneka ngati L kwa amakina opindira zitsulo, chikute khoma ndi mlomo, misoko yake iyende motsata utali basi.

Mabowo otanuka a tow bar amatsekedwa powotcherera mutatsamiritsa kachidutswa ka kopa kuseri, chifukwa kopa samamatirira. Salazani, ikani chigamba chochindikala monga tanenera, mubowolenso pamalo enieni. Mu mkono wa bokosi, bawuti iliyonse idutse m'kapaipi kochindikala kolowetsedwa m'kati, apo ayi makoma amafinyika mukamanga ndipo bawuti imamasuka. Tow bar yopindika siwongoledwa. Gulani ina pamodzi ndi kampira kake kokolapo ngolo. Mabawuti akhale atsopano, a giredi 8.8 kapena 10.9 monga wopanga wanenera. Ngati sanapereke muyeso, bawuti ya M12 ya 8.8 imamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu pafupifupi 85 Nm, ya 10.9 pafupifupi 120 Nm.

Kubwezeretsa ndi kuyesa

Chitsulo chikazizira, yezaninso zonse, chifukwa kuwotcherera kumakoka. Pakani pulayima ya zinc kapena epoxy, tsekani m'mphepete mwa chigamba ndi sealer kuti madzi asalowe kuseri, kenako penti wa chasisi kawiri. M'kati mwa bokosi fayirani phula loteteza dzimbiri.

Ngozi yomwe yapinda chasisi imakhudzanso zapansi. Onani bawuti yapakati ya masipuling'i: ikadukira m'kati, ekiselo imasuntha ngakhale chasisi ili yowongoka. Ma U-bolt otanuka asinthidwe. Yezani kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo mbali zonse, chiwongolero chili chowongoka. Pikapu zambiri zopanda ABS zili ndi valavu yogawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu, yomangidwa pa chasisi ndi kulumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Msinkhu wa chasisi ukasintha, valavuyo iyenera kutcheredwanso, apo ayi matayala akumbuyo amakhoma msanga galimoto ili yopanda katundu. Ngati munatsegula paipi ya mabuleki, tulutsani mpweya.

Bwezani thanki, mawaya ndi bodi. Mabawuti a bodi azilowa ndi dzanja. Akafuna chitsulo chokanulira, chasisi sinafike. Yendetsani molunjika pa dothi lonyowa muone ngati matayala akumbuyo akutsata mzere wa akutsogolo mofanana mbali zonse, kenako pitani ku alignment ya matayala anayi. Yendani makilomita 100 opanda katundu, muunike misoko ndi tochi: kamzere ka dzimbiri kapena penti wong'ambika ndi chizindikiro cha mng'alu. Unikaninso mutasenza theka la katundu, ndiponso pa makilomita 1,000, n'kumanganso mabawuti a tow bar.

Pobwerera kokoka, kulemera kotsamira pa kampira kukhale magawo 7 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwa ngolo, osapitirira malire olembedwa pa tow bar, ndipo katundu wa m'bodi akhale kutsogolo kwa ekiselo. Galimoto yotitimira m'matope isazulidwe ndi lamba kapena tcheni lokoledwa pa kampirako, chifukwa kamaduka n'kuuluka ndi mphamvu yopha munthu. Kolani pa malo okokera omwe wopanga galimoto anakonza, ndipo tcheni liyambe lakungika galimoto isanayambe kukoka.